Womangidwa Wopanda Mlandu: Kuchokera kwa Mpezeni Kufika kwa Orton Chirwa

Ana a sukulu a masiku ano akamva dzina lakuti Fort Manning amayesa kuti ndi mudzi wa ku Ulaya. Koma ndilo dzina limene boma la Mchinji linali kudziwika nalo m'masiku a ulamuliro wa Angerezi, ndipo linachokera ku linga la asilikali limene linamangidwa kufupi ndi mapiri a Mchinji pofuna kuyang'anira Angoni a Mpezeni. Mwini dzinalo anali William Manning, mkulu wa asilikali, amene pambuyo pake anadzakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland. M'mwezi wa Januwale 1898 asilikali ochokera kuno anapita kwa Mpezeni, dera limene tsopano kuli Chipata, nagonjetsa Angoni ndi mfuti zazikulu, natenga ng'ombe zao zikwizikwi. Nsingu, mwana wa Mpezeni, ndiye anatsogolera nkhondoyo. Atagwidwa anazengedwa mlandu ndi asilikali omwewo amene anali kumenyana nao dzulo lake, naomberedwa. Mpezeni mwini, nkhalamba, anadzipereka. Anamtenga nakamsunga ku Fort Manning ngati chaka chimodzi, kenaka anamlola kubwerera kwao, kumene anamwalira mu 1900.

Tsono funso lathu nali: Mpezeni anasungidwa ndi lamulo la yani? Amene anamgwira ndi omwe anamsunga, ndipo ndi omwewo amene anaganiza tsiku lakummasula. Munthu wachitatu woima pakati pao panalibe. Nkhani yonse ya m'masamba ano ndi ya munthu wachitatuyo, ndipo inu amene mukukonzekera kukaphunzitsa mbiri ya dziko lathu mudzaona kuti malire a Mchinji ali ndi mbali yaikulu m'nkhaniyi kuposa m'mene mabuku a sukulu amanenera.

Tiyambe ndi chimene tonse tichidziwa. Pa bwalo la kumudzi, munthu akamba mnzake kuti wamba mbuzi, mfumu siiweruza woimbidwa mlanduyo ali kutali. Amamuitana, amamuuza chimene akumunenera, nkhoswe yake imakhala pambali pake, mboni zimalankhula poyera anthu onse akumva, ndipo nyakwawa zimafunsa mafunso kufikira nkhani itaoneka mutu wake. Wodandaula sakhala woweruza. Angerezi nawonso anali ndi mwambo wotere, umene anaulemba m'malamulo ao kalekale ndi kuutcha dzina la Chilatini lakuti habeas corpus, ndiko kunena kuti, bwera nalo thupi la munthuyo. Wachibale wa womangidwa amapita kwa woweruza, ndipo woweruza amalamula wosunga ndende kuti abwere naye mkaidi ndi kunena chifukwa chake akumsunga. Chifukwa chikasowa, munthu amapita kwao tsiku lomwelo. Mphamvu ziwiri zimaonekera pamenepa: ya wolamula, amene ali ndi apolisi ndi asilikali ndi makiyi a ndende, ndi ya woweruza, amene alibe mfuti ngakhale imodzi, koma mau okha.

Pa mtendere mphamvu ziwirizi sizilimbana kwenikweni. Kulimbana kumadza ndi nkhondo. Wolamula amati: adani ali pakati pathu, ndikaulula umboni poyera ndiye kuti ndaulula azondi anga, ndipo ndikadikira kuti munthu alakwe kaye, dziko lidzakhala litapsa kale. Mau awa sali opusa iai, ndipo mphunzitsi woona asawapeputse pamaso pa ana. Woweruza amayankha kuti: ngati iwe wekha ndiwe woganizira, womanga, ndi wosunga, ndani adzaona ukalakwitsa, kapena ukamanga munthu chifukwa chakuti umadana naye chabe?

Mlandu wotchuka pa nkhani imeneyi unazengedwa ku England pa nkhondo ya Hitler. Boma linali litapanga lamulo lotchedwa Regulation 18B, lakuti Nduna ya za M'dziko ikakhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti munthu ali wogwirizana ndi adani, ingathe kummanga popanda kumzenga mlandu. Mu 1940 anamanga munthu wina dzina lake Robert Liversidge, namuika m'ndende ya Brixton. Iye anasumira Nduna, Sir John Anderson, nafuna kuti imuuze chifukwa chomvekacho. Mlandu unakwera mpaka ku House of Lords, kumene panthawiyo kunali bwalo lapamwamba koposa. Mu Novembala 1941 oweruza anai mwa asanu anagamula kuti Nduna ikanena kuti ili nacho chifukwa, basi kwatha, bwalo lisafunsenso. Mmodzi yekha, Lord Atkin, anakana. Iye anati mau akuti munthu ali ndi chifukwa satanthauza kuti munthu akuganiza kuti ali nacho, monga kuthyoka mwendo sikuli kuganiza kuti wathyoka. Anatinso malamulo salankhula chinenero china pa nkhondo ndi china pa mtendere, ndipo anadzudzula anzake kuti anaposa boma lomwe pokondera boma. Anzakewo anakwiya naye kwambiri. Panapita zaka pafupifupi 40, ndipo mu 1979 oweruza a bwalo lomwelo anavomera poyera kuti Atkin ndiye anaona bwino. Koma m'zaka zapakatizo chigamulo cha anai aja ndicho chinali lamulo, ndipo chinaoloka nyanja nichifika m'maiko onse olamulidwa ndi Angerezi.

Kuno chinatipeza mu 1959. Mphamvu zimene Bwanamkubwa Sir Robert Armitage anagwiritsa ntchito chaka chimenecho zinachokera m'lamulo limene linalembedwa ku London mu 1939 pokonzekera nkhondo ya Hitler. Nkhondo inatha mu 1945, koma lamulo lake linatsala m'kabati, monga nkhwangwa imene munthu anabwereka kuti adulire mtengo umodzi koma osaibweza. Anthu anali atakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chiyambire 1953. Dr. Banda atabwera mu Julaye 1958 misonkhano ya Kongeresi inakula, ndipo pa 25 Januwale 1959 atsogoleri anachita msonkhano wa kutchire ku Blantyre. Azondi a polisi anauza boma kuti kumeneko anapangana za kupha Azungu, Amwenye ndi Aafirika ogwirizana ndi boma. Asilikali anabwera kuchokera ku Southern Rhodesia. M'bandakucha wa pa 3 Malichi Bwanamkubwa analengeza kuti dziko lili pangozi, Kongeresi inaletsedwa, ndipo anthu anayamba kugwidwa m'nyumba zao tulo tili m'maso. Dr. Banda anamkweza ndege kupita ku ndende ya Gwelo, kumene anasungidwanso Henry Chipembere ndi Dunduzu Chisiza. Ena anapita ku Khami, kufupi ndi Bulawayo, ndipo ambiri anaunjikidwa ku Kanjedza, ku Limbe. Onse pamodzi omangidwa opanda mlandu anaposa 1,300. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay anthu anasonkhana padoko pofuna kuona abale ao amene anali atatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Asilikali anaombera, nafa anthu 20 monga m'mene boma linawerengera.

Taonani tsono chinthu chodabwitsa. Mabwalo a mirandu analipo m'dziko, Bwalo Lalikulu linali lotsegula ku Blantyre, koma chikalata chosainidwa ndi Bwanamkubwa chinali chokwanira kusunga munthu kwa nthawi yosadziwika. Woweruza amene analankhulapo mwamphamvu sanali wa kuno, ndipo sanalankhule ali pa mpando wa bwalo. Boma la ku London, poona kuti aphungu otsutsa akulipanikiza, linatuma bungwe la anthu anai kuti lidzafufuze, lotsogoleredwa ndi Sir Patrick Devlin, woweruza wa Bwalo Lalikulu la ku England. Anzake anali Sir John Primrose, Sir Percy Wyn-Harris ndi Edgar Williams. Anayenda m'maboma, namva mboni mazanamazana, napitanso ku Southern Rhodesia kukamva Dr. Banda ndi omangidwa ena.

Lipoti lao linatuluka mu Julaye 1959, ndipo liyenera kuwerengedwa mofatsa, pakuti ambiri amalitchula osadziwa kuti linadula mbali zonse ziwiri. Linavomera kuti pofika mu Malichi zinthu zinali zitafika poti boma lichitepo kanthu kapena litule pansi ulamuliro. Linavomeranso kuti pa msonkhano wa kutchire uja panali mau a kumenya ndi kupha. Koma linati chiwembu chokonzeka cha kupha anthu ambirimbiri, chimene nduna zinalengeza m'Nyumba ya Malamulo ku London, sichinapezeke, ndi kuti Dr. Banda sanali munthu wa chiwembu chotero. Linawerenga anthu 51 ophedwa, linanena za kumenya anthu pogwidwa ndi kutentha nyumba m'midzi, linati kukana Chitaganya kunali kwa anthu pafupifupi onse osati kwa ophunzira ochepa okha, ndipo linati dziko la Nyasaland panthawiyo linasanduka dziko lolamulidwa ndi polisi, m'mene munthu sakanatha kuyamikira Kongeresi poyera osaopa. Boma la Harold Macmillan linatola m'lipotilo zimene linazikonda nilikana zotsalazo, ndipo linasindikiza yankho la Armitage tsiku limodzi ndi lipoti. Pa 28 Julaye aphungu anakambirana, boma nilipambana pa mavoti.

Ndani tsono anatsegula ndende? Devlin analibe mphamvu ya kumasula ngakhale munthu mmodzi. Amene anamasula anali wolamula yemwe. Iain Macleod atalowa m'malo mwa Alan Lennox-Boyd mu Okutobala 1959 monga Nduna yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Angerezi, anaona kuti popanda Dr. Banda palibe wokambirana naye, ndipo anamtulutsa pa 1 Epulo 1960. Lamulo la ngozi linachotsedwa mu Juni chaka chomwecho. Ine ndiyesa kuti mau a Devlin anagwira ntchito ndithu, koma anagwira monga mvula ya usiku imene ifewetsa nthaka kuti wina adzalime m'mawa, sanali khasu.

Mmodzi wa omangidwa a ku Khami anali Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kuphunzira uloya ku London. Anamasulidwa msanga, ndipo pa 30 Seputembala 1959 iye ndi Aleke Banda ndi anzao anayambitsa Malawi Congress Party, nasungira Dr. Banda mpando. Pambuyo pake anakhala Nduna ya za Chilungamo. Musaiwale dzina lake, pakuti tidzakomana nayenso pa malire.

Munthu akadayembekeza kuti anthu amene analawa Gwelo, Khami ndi Kanjedza adzatentha malamulo otere tsiku loyamba la ufulu. Sizinatero. Ufulu unadza pa 6 Julaye 1964, ndipo pasanathe miyezi itatu nduna zinapatukana ndi Dr. Banda, pakati pa zimene zinakanganitsa panalinso nkhani yomweyi ya kumanga anthu popanda mlandu. Chirwa, Kanyama Chiume ndi ena anathawira kunja. Chipembere atayesa nkhondo ku Fort Johnston mu Febuluwale 1965, boma linapeza chonenera chimene Armitage anali nacho kale: adani ali pakati pathu. Malamulo a chitetezo amene atsamunda anasiya anawanola, ndipo Dzeleka ku Dowa, kenaka Mikuyu ku Zomba, zinalowa m'malo mwa Kanjedza. Malamulo aakulu a 1966 anachotsa mutu wonse wa ufulu wa munthu umene unali m'malamulo a 1964. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: Aleke Banda anakhala m'ndende zaka 12, kuyambira 1980 mpaka 1992, osaonekera pa bwalo.

Chaka cha 1969 chinali choipa kwa oweruza mbali zonse ziwiri za malire athu. Ku Zambia asilikali awiri a Chipwitikizi anaoloka kuchokera ku Angola, kumene kunali nkhondo, nagwidwa, napatsidwa chilango pa bwalo laling'ono. Woweruza Evans wa Bwalo Lalikulu anaona kuti kulakwa kwao kunali kochepa nafafaniza chilangocho. Pulezidenti Kaunda, amene midzi ya anthu ake inali kuphulitsidwa ndi Apwitikizi, anafuna kuti oweruza alongosole. Mkulu wa oweruza, James Skinner, anaikira kumbuyo mnzake, ndipo mu Julaye anyamata a boma anathyola Bwalo Lalikulu ku Lusaka, oweruza nadzitsekera m'chipinda. Skinner anachoka m'dziko natula pansi udindo. Kuno kwathu chaka chomwecho kunali kuphedwa kwa anthu usiku ku Chilobwe, ndipo Bwalo Lalikulu litamasula oganiziridwa chifukwa cha kusowa umboni, Dr. Banda anati malamulo a Angerezi amapulumutsa zigawenga. Nyumba ya Malamulo inapatsa mabwalo otchedwa a Makolo mphamvu ya kuzenga mirandu ya kupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma. Oweruza anai a Bwalo Lalikulu, onse ochokera kunja, anatula pansi udindo. Ndipo amene anabwera mu 1970 kudzakhala mkulu wa oweruza m'Malawi anali James Skinner yemwe uja, nakhala pa mpandowo mpaka 1985. Mbiri ili ndi nthabwala zake.

Dzina lakuti mabwalo a Makolo lisakunyengeni. Pa mipando panakhala mafumu ndithu, pamodzi ndi mmodzi wodziwa malamulo, koma onse anali osankhidwa ndi boma, ndipo boma likanatha kuwachotsa. Loya sanali kuloledwa. Boma ndilo linali kusankha kuti mlandu uwu upite ku Bwalo Lalikulu, uwu upite kwa mafumu. Kwa makolo athu enieni munthu sanali kuima pa bwalo wopanda nkhoswe, ndipo wodandaula sanali kusankha yekha nyakwawa zomvera mlandu wake.

Tibwerere ku malire. Pa 24 Disembala 1981 Orton Chirwa, mkazi wake Vera, amenenso anali loya, ndi mwana wao Fumbani anagwa m'manja mwa apolisi a Malawi. Panthawiyo Chirwa anali kutsogolera chipani cha kunja chotchedwa Malawi Freedom Movement. Boma linati anagwidwa m'boma la Mchinji atalowa m'dziko mobisa kudzagwetsa boma. Iwo anati anabedwa ali m'dziko la Zambia, m'dera la Chipata. Amene adziwa malire athu adziwa kuti m'malo ambiri palibe mtsinje kapena mpanda: munda umodzi ungathe kukhala ndi mizere ina ku Malawi ndi ina ku Zambia, ndipo Angoni a Mlonyeni ndi Zulu ali pa ubale ndi a kwa Mpezeni. Koma m'malamulo mapazi ochepawo ali ndi kulemera kwakukulu. Ngati munthu wagwidwa m'dziko la eni, pali njira yake yopemphera boma la kumeneko kuti limpereke, ndipo woweruza wa kumeneko amayamba wamva. Kumdumphitsa malire usiku ndiko kulambalala woweruza wa dziko lina. Kumtengera ku bwalo la Makolo ndiko kulambalala woweruza wa dziko lako.

Mlandu unayamba mu 1982 pa bwalo la Makolo la Chigawo cha Kumwera ku Blantyre. Maloya awiriwo anadziyankhira okha, ndipo mboni zimene anafuna kuitana kuchokera kunja zinakanidwa. Chowawa china nchakuti Chirwa ndiye anayendetsa lamulo la 1962 lokonza mabwalo ang'onoang'ono a m'maboma, ndipo mabwalo a Makolo anamera pa chitsa chomwecho atachipotoza. Mu Meyi 1983 onse awiri anaweruzidwa kuti aphedwe. Bwalo la Makolo la Apilo, mu Febuluwale 1984, linadzudzula zambiri za m'mene mlandu unayendera, koma chilango linachisiya chomwecho. Maiko ndi mipingo, makamaka ya ku Scotland, anapempha kolimba, ndipo mu Juni 1984 Dr. Banda anasintha chilango kuti chikhale ndende ya moyo wonse. Onaninso apa kuti moyo wao unapulumuka ndi chifundo cha wolamula, osati ndi chigamulo cha woweruza. Fumbani anasungidwa zaka zoposa ziwiri wopanda mlandu. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992, ndipo Vera anatuluka mu Januwale 1993.

Kodi oweruza a Bwalo Lalikulu anali kuti zaka zonsezi? Ena amawadzudzula kuti anakhala chete pamene Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa chimene analakwa, ndi pamene Machipisa Munthali anatha zaka 27 m'ndende. Ena amati woweruza sayenda m'misewu kufunafuna mirandu, amadikira wodandaula, ndipo masiku amenewo wachibale wopita kukadandaula anali kudziitanira unyolo. Zonse ziwiri nzoona. Chimene chinaoneka nchakuti mantha atayamba kuchepa, mabwalo anadzuka. Chakufwa Chihana atagwidwa pa bwalo la ndege la ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992, maloya anapita ku Bwalo Lalikulu kukafunsa funso lakale lija, lakuti munthuyu ali kuti ndipo mwamsungiranji. Boma linazengereza, koma linakakamizika kubwera naye, ndipo mu Julaye anapatsidwa belo. Pambuyo pake anampeza wolakwa namanga, komabe mlandu wake unazengedwa poyera, maloya ali pambali pake, m'bwalo la oweruza enieni. Mu 1993 mabwalo a Makolo a m'zigawo anaimitsidwa.

Amene analemba malamulo aakulu a 1994 anali ndi zonsezi m'mutu, ndipo mukawerenga gawo 42 ndi gawo 45 mudzaona chilonda chilichonse chili ndi mankhwala ake. Womangidwa auzidwe chifukwa m'chinenero chimene amamva, ndipo aonekere pa bwalo pasanathe maola 48. Pulezidenti angathe kulengeza kuti dziko lili pangozi, koma kwa masiku 21 okha, ndipo kuonjezera masiku kuli m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Bwalo Lalikulu lingathe kufunsa ngati kulengezako kuli kolungama. Womangidwa pa nthawi ya ngozi, abale ake adziwitsidwe, dzina lake lisindikizidwe m'nyuzipepala ya boma, aonane ndi dokotala ndi loya, ndipo bwalo liunike kumangidwa kwake pasanathe masiku 10. Ndipo habeas corpus inaikidwa pakati pa maufulu amene sachotsedwa ngakhale pa nkhondo.

Mlandu wa a Chirwa ndi wa Aleke Banda unafikanso ku bungwe la maiko a Afirika loona za ufulu wa anthu, limene likulu lake lili ku Banjul, m'dziko la Gambia. Pamene linagamula, boma la Dr. Banda linali litachoka kale. Linati kuzenga munthu mlandu wa imfa wopanda womuimira, ndi kusunga munthu zaka zambiri osamtengera ku bwalo, kunaswa pangano limene Malawi anasaina, ndi kuti boma latsopano limalowa m'ngongole za boma lakale. Mu 1999 Vera Chirwa anasankhidwa kukhala mmodzi wa akuluakulu a bungwe lomwelo, ndipo ntchito imene anampatsa inali ya kuyendera ndende za m'maiko a Afirika.